Kusiyana kwa utoto ndi glaze: zoyenera kudziwa musanalembetse maphunziro oumba

Anthu ambiri ofuna kuphunzira kuumba amayamba ndi kufunsa ngati m'kalasi muli gudumu loumbira, ndipo akamva kuti lilipo amalembetsa osaganizanso kawiri. Ine monga mphunzitsi wa ntchitoyi ndimawalangiza kuti afunse kaye za ng'anjo: kodi ilipo, imatentha kufika pati, nanga amawotcha ndani? Dongo limene silinalowe pamoto ndi matope ouma chabe, ndipo ng'anjo ndi imene imalamula zimene mungapake pa chiwiya chanu.

Maphunziro otere amapezeka kumalo ochitirako zaluso, kusukulu za ntchito zamanja ndiponso kwa amisiri odziimira paokha. Njira yachidule yowapezera ndi kufunsa ogulitsa dongo ndi zipangizo zoumbira, popeza iwowo kawirikawiri amadziwa anthu amene ali ndi ng'anjo m'dera lawo. Dziwani kuti malo ena amangokupatsani chiwiya chowotcha kale kuti muchijambule, pamene ena amakuyambitsani ndi kukanda dongo, ndipo malo ongojambulawo, ngakhale amasangalatsa, saphunzitsa kuumba. Pitani mukaone kalasi ili mkati, ndipo mukayang'ane pansi. Ngati akusesa fumbi louma ndi tsache, kafuneni kwina, chifukwa fumbi la dongo lili ndi silika, chinthu chopezeka mumchenga, amene amawononga mapapo pang'onopang'ono. Malo osamala amakolopa ndi madzi.

Kawirikawiri chiwiya chimawotchedwa kawiri. Ulendo woyamba, chikauma bwinobwino, chimatenthedwa kufika madigiri a Celsius pafupifupi 1,000 kuti chilimbe koma chizimwabe madzi. Moto umakwezedwa pang'onopang'ono, chifukwa chinyezi chotsalira chikasanduka nthunzi pa madigiri 100 chimaphulitsa chiwiyacho, ndiponso pa madigiri 573 mchenga wa m'dongo umafufuma mwadzidzidzi. Ulendo wachiwiri ndi wa glaze, chopaka chimene chimasanduka galasi lokuta chiwiya. Dongo lofiira wamba limapsa pakati pa madigiri 1,000 ndi 1,150, pamene dongo lolimba la stoneware limafuna 1,200 mpaka 1,300. Kuchokera pa kuumba kufika pomaliza, chiwiya chimachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, n'chifukwa chake kapu yoyamba ya wophunzira aliyense imatuluka yaing'ono kuposa mmene ankayembekezera.

Pa nkhani ya glaze ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa glaze si utoto, ngakhale amapakidwa ndi burashi. Ndi ufa wa silika wosakaniza ndi alumina (chinthu chopezeka m'dongo) ndi zinthu zina zothandiza kuti usungunuke msanga, popeza silika payekha amafuna madigiri oposa 1,700. Ufawo ukasungunuka umasanduka galasi lopyapyala lomamatira ku dongo. Mtundu wake umachokera ku zitsulo: kobati amapereka buluu, mkuwa umapereka mtundu wobiriwira, ndipo chitsulo chimapereka wofiirira. Chodabwitsa n'chakuti mkuwa womwewo umatha kufiira ngati magazi ng'anjo ikachepetsedwa mpweya. Zimene mukuona m'chidebe sizimene mudzaone pa chiwiya, moti madzi otuwa ngati phulusa amatha kutuluka a buluu wowala. N'chifukwa chake kalasi yabwino imakhala ndi timapale toyesera, toonetsa mtundu wa glaze aliyense akawotchedwa, topachika pakhoma, ndipo mphunzitsi amene alibe timapale timeneti ndimamukayikira.

Wofuna kujambula maluwa kapena mizere yooneka bwino agwiritse ntchito underglaze, mtundu wopaka pansi pa glaze, amene sayenderera pamoto, kenako akute ndi glaze woonekera mkati. Palinso njira yopaka dongo lamadzimadzi la mtundu wina pa chiwiya chisanaumitsitse, n'kukanda zithunzi ndi kachitsulo kosongoka kuti dongo lapansi lioneke. Ena amakulungiza chiwiya ndi mwala wosalala mpaka chinyezimire popanda glaze, koma kunyezimira kumeneku kumazilala moto ukapitirira, ndipo chiwiyacho chimamwabe madzi. Mitundu ya golide ndi ina yopaka pamwamba pa glaze imafuna kuwotcha kachitatu, pa madigiri pafupifupi 750.

Utoto wa akiliriki, umene ambiri amagula poganiza kuti apewa ng'anjo, umangouma pamwamba ndipo susungunuka n'kulowerera m'dongo. Ndi wabwino pa chidole kapena kunja kwa mphika wa maluwa, koma usapakidwe mkati mwa kapu kapena mbale, ngakhale mutathira vanishi, chifukwa umasupuka ndi kutsuka. Glaze nayenso si onse oyenera ziwiya zodyera. Funsani ngati alibe mtovu kapena kadimiyamu, zitsulo zapoizoni, ndipo chiwiya chikatuluka muchiyang'ane pa kuwala: timing'alu tating'ono tonga ukonde wa kangaude timasonyeza kuti glaze anakhwinyata kuposa dongo pozizira, ndipo pa dongo lomwa madzi timing'aluto timasunga litsiro. Ziwiya za raku, zimene amazitulutsa m'ng'anjo zili psu, ndi zokongoletsera basi.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kupaka glaze wambiri mpaka kunsi. Wophunzira wina anapaka mbale yake kasanu pofuna kuti mtundu ukhwime, ndipo titatsegula ng'anjo tinapeza glaze atayenderera n'kumata mbaleyo pa shelefu, moti tinaichotsa ndi tchizulo ili zidutswazidutswa. Kupaka ndi burashi kawiri kapena katatu kumakwana, kulola kuti ulendo uliwonse uume, ndipo kunsi kumapakidwa phula kapena kupukutidwa ndi siponji yonyowa, n'kusiya mpata wa mamilimita asanu kuchokera pansi. Lembani m'kabuku dzina la glaze, maulendo amene mwapaka ndi kutentha kwa ng'anjo, chifukwa pamatha kupita milungu iwiri kapena itatu chiwiya chisanabwerere m'manja mwanu, ndipo pofika nthawiyo mudzakhala mutaiwala zimene munachita.