Itel Si Yabodza, Yabodza Ndi Ina

Ndatopa nawo mawu amene ndimamva pa shopu yanga yokonzera mafoni pa Chitakale: "Amisiri, Itel ndi Tecno n'zabodza, n'chifukwa chake zimatchipa." Ayi ndithu.

Foni iliyonse yogwira netiweki ya TNM kapena Airtel imayendera luso limene ena analilembetsa kuti ndi lawo, lomwe amati patenti. Ena mwa eni ake akuluakulu ndi makampani a Qualcomm, Ericsson, Nokia ndi Huawei, ndipo umwiniwu umatha pakapita zaka 20. Wopanga mafoni amayenera kuwalipira pa foni iliyonse imene wagulitsa. Inu amene mumati Nokia inafa kalekale, dziwani kuti ikudyabe: inalengeza kuti pa foni ya 5G izitenga ndalama zosaposa mayuro 3, pomwe Huawei inati madola 2.50. Kwa Apple zimenezi n'zochepa, koma kwa Transsion, yopanga Tecno, Itel ndi Infinix, yomwe imapeza kaphindu kochepa pa foni imodzi, ndi mtolo. Mikangano imayambira pamenepo. Mu 2022 kampani ya mafoni ya Oppo inaleka kugulitsa mafoni ku Germany itagonja pa mlandu ndi Nokia, ndipo mu 2024 Qualcomm inasumira Transsion ku India. Kusumiridwa sikusandutsa foni kukhala yabodza. Apple ndi Samsung anakokanakokana m'makhoti kuchokera mu 2011 mpaka 2018, ndani anati zawo n'zabodza? Itel imatchipa chifukwa cha zipangizo zotsika mtengo, monga tchipi (ubongo wa foni) cha Unisoc kapena MediaTek, basi.

Chimene chimandiwawa ndi cha mayi wina wothyola tiyi. Anasunga ndalama miyezi ingapo, achibale n'kumuuza kuti asayerekeze kugula Itel. Anakagula "Samsung" kwa mnyamata woyenda nazo m'chikwama tsiku la msika, yopanda bokosi, yopanda lisiti. Itayamba kutentha, anapita nayo kwa wina amene mankhwala ake ndi amodzi okha, kuflasha, kutanthauza kufufuta za mu foni n'kuikamo pulogalamu yoyendetsa foniyo mwatsopano. Anaflasha kawiri, ndalama analandira kawiri, ndipo zithunzi za malemu amuna awo zinapita pomwepo. Atafika kwa ine, batire linali litatupa mpaka kukankha chivundikiro. Nditatsegula, m'katimo munalibe chilichonse cha Samsung, dzina lokha lomata kunja. Anandifunsa kuti, "Achimwene, zithunzi zija sizingabwerere?" Ndinangoweramitsa mutu.

Chonde, musanapereke ndalama, dinani *#06# pomwepo wogulitsa akuona, ndipo nambala yotulukayo, yotchedwa IMEI, yomwe ndi chiphaso cha foniyo, ifanane ndi ya pa bokosi. Akakana kapena akayamba kuzungulira, chokanipo. Wina akakuuzani kuti akusinthirani IMEI, mudziwe kuti foniyo ili ndi chobisa. Ndipo batire likatupa, musamatchajenso n'kumati mubwera nayo malipiro akatuluka, chifukwa limatha kuyaka pamphasa pomwe pagona ana. Izimitseni foniyo, mubwere nayo lero lomwe.