Kukonza zitsime za mafuta pansi pa nyanja ku Norway: mafunso ndi mayankho

N'chifukwa chiyani ntchitoyi imadya ndalama zambiri chonchi?

Mutu wa chitsime umakhala pansi penipeni pa nyanja, mamita mazanamazana, kumene munthu sangatsikeko ndi sipanala m'manja. Kale kampani inkabwereka nsanja yaikulu yobowolera, n'kutsitsa chipaipi chachitali kuchokera pamwamba mpaka pa chitsimecho. Nsanjayo imalipiridwa pa tsiku, kaya ikugwira ntchito, kaya yangokhala kudikira kuti namondwe wa ku North Sea aleke. Chifukwa cha zimenezi, zitsime zambiri zinkangosiyidwa zikutulutsa mafuta mwa apo ndi apo, pomwe vuto lake linali laling'ono.

Nanga njira yotchipa yokonzera zitsimezi ndi yotani?

Amatumiza sitima yapamadzi yocheperako, yopanda chipaipi chija. Kampani ya mafuta ya ku Norway yotchedwa Equinor yakhala ikugwiritsa ntchito sitima monga Island Wellserver ndi AKOFS Seafarer. Sitimayo siponya nangula. Makompyuta ndi amene amayendetsa injini zake kuti iime pamalo amodzi ngakhale mafunde akuwinduka. Kenako amatsitsa chida cholemera chodzaza mavalavu n'kuchikhazika pamutu pa chitsime, loboti yoyenda pansi pa madzi ikuonetsa zonse pa kamera. Zida zokonzera zimatsika pa waya. Zimayamba zalowa m'chubu chotsekeka, mphamvu ya m'chubumo n'kulinganizidwa ndi ya m'chitsime, ndipo pokhapo m'pamene valavu imatsegulidwa. Pamene waya akulowera amapopapo girisi wolimba kuti gasi asapeze podutsira.

Wayayo angagwire ntchito zanji?

Kuyeza mmene mafuta akuyendera, kupala zokakamira m'paipi, kusintha mavalavu, kutseka chigawo chimene chayamba kutulutsa madzi, ndi kuboola mabowo atsopano. Chitsime chikagona chopingasa, kathirakitala kamagetsi ndi kamene kamakoka zidazo.

Kodi lamulo limalola sitima yaing'ono kugwira ntchito yoopsa chotere?

Limalola, koma silifewa ngakhale pang'ono. Muyezo wa ntchito za mafuta ku Norway wotchedwa NORSOK D-010 umati pakati pa mafuta a pansi ndi nyanja pazikhala zotchinga ziwiri zosadalirana, zonse zoyesedwa. Malamulo amene bungwe la boma la Havtil limayang'anira amanenanso kuti chotchinga chimodzi chikalephera, ntchito ina iliyonse m'chitsimemo iime kupatula yobwezeretsa chotchingacho. N'chifukwa chake chida cha mavalavu chija chimakhala ndi mipeni yotha kudula waya ndi kutseka chitsime sitima ikatengedwa ndi mafunde. Apa ndi pamene ndimaona kuti anthu ambiri amasokoneza: ndalama zimapulumuka pa kukula kwa sitima, kuchuluka kwa antchito ndi masiku a ntchito. Pa zotchinga sachotsera kalikonse.

Kukhwima konseku kunachokera kuti?

Anaphunzira nkhwangwa ili m'mutu. Mu April 1977, pa nsanja ya Ekofisk Bravo, chitsime chinaphulika anthu ali mkati mochikonza, mafuta n'kumakhuthukira m'nyanja kwa sabata yathunthu. Valavu yotetezera ya pansi m'chitsimemo sinaikidwe bwino. Mwamwayi palibe anamwalira.

Ndiye kuti nsanja zikuluzikulu zatha ntchito?

Ayi. Waya sangazule paipi yonse yotulutsira mafuta, ndipo sangabowole nthambi yatsopano ya chitsime. Zimenezo zimafunabe nsanja. Potseka chitsime mpaka kalekale, makampani amatumiza sitima kuti iyambe yaika zotsekera zoyambirira, nsanja n'kubwera pambuyo kudzazula mapaipi ndi kuthira simenti.