M'bindikiro umene sunachitike: momwe chisankho ndi mliri zinakumanira mu 2020

Lachisanu pa 17 Epulo 2020, kutangotsala tsiku limodzi kuti dziko lonse likhale pa m'bindikiro wa masiku 21 pofuna kupewa Covid-19, woweruza milandu kukhoti lalikulu ku Lilongwe, a Kenyatta Nyirenda, anapereka chiletso. Boma la a Peter Mutharika linauzidwa kuti liyambe ladikira. Pa nthawiyo anzathu a ku South Africa ndi ku Zimbabwe anali atatsekeredwa kale m'nyumba kuyambira kumapeto kwa Malichi. Kuno m'bindikirowo unathera papepala. Mpaka lero anthu sagwirizana pa nkhaniyi. Ena amati khoti linapulumutsa amphawi ku njala, ena amati linatsegulira khomo matenda. Koma munthu sangamvetse chiletso chija akayambira pa Covid-19, chifukwa mizu yake inamera matendawa asanamveke n'komwe.

Pa 21 Meyi 2019 Amalawi anavota pachisankho chapatatu. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC, lomwe wapampando wake anali mayi Jane Ansah, linalengeza kuti a Mutharika a DPP apambana ndi 38.57 peresenti, a Lazarus Chakwera a MCP apeza 35.41, ndipo a Saulos Chilima a UTM apeza 20.24. Kusiyana kwa awiri oyambawo kunali mavoti pafupifupi 159,000. Vuto linali pa mapepala olembapo zotsatira. Ambiri anafika atafufutidwa ndi tipeksi, manambala ena atalembedwa pamwamba pa ena, mapepala ena osasainidwa. Bungwelo linalandira madandaulo 147, ndipo liwu loti "madando" linalowa m'kamwa mwa aliyense. A Chilima ndi a Chakwera anakamang'ala kukhoti, pamene bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC, motsogozedwa ndi a Timothy Mtambo ndi a Gift Trapence, linatengera anthu kumsewu kuti mayi Ansah atule pansi udindo.

Zionetserozo zinatenga miyezi, ndipo sizinali zoyera zokhazokha. Masitolo anathyoledwa, maofesi anatenthedwa, anthu anavulala. Chimene chinawonongeka kwambiri, ngakhale sichinkaoneka ndi maso, chinali chikhulupiriro cha anthu mwa apolisi. Mu Okutobala 2019 wapolisi anaphedwa ku Msundwe, ndipo pambuyo pake amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anadandaula kuti apolisi anawagwirira. Khoti linadzagamula mu Ogasiti 2020 kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukuta misozi. M'miyezi ya zionetsero ija anthu ankaombera m'manja asilikali akafika pazionetsero, chifukwa ndiwo ankawateteza. Izi ndi zofunika kuzikumbukira, poti m'bindikiro uliwonse umayendetsedwa ndi apolisi oima pamsewu n'kumabweza anthu.

Mlandu wa chisankho unkaulutsidwa pawailesi tsiku ndi tsiku, womasulira akuutembenuzira m'Chichewa, kotero anthu anaumva okha osachita kuuzidwa. Lolemba pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, a Healey Potani, mayi Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Mike Tembo, anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 kuyambira m'mawa mpaka usiku, asilikali akuwalondera. Anati a Mutharika sanasankhidwe moyenera, ndipo chisankho chichitikenso pasanathe masiku 150. Mu Africa muno zoterezi zinali zitachitikapo ku Kenya kokha mu 2017.

M'chigamulocho munalinso mfundo ina imene inasintha ndale zathu kuposa kufafaniza zotsatira. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo uwu unali utagona zaka 20. Gawo 80 la malamulo aakulu a dziko limati mtsogoleri asankhidwe ndi ovota ambiri. Koma "ambiri" ndi angati? A Gwanda Chakuamba atatsutsa chisankho cha 1999, khoti la apilo linagamula mu 2000 kuti wopambana ndi amene waposa anzake, basi. Motero munthu ankatha kulamulira dziko ngakhale anthu awiri mwa atatu aliwonse anamukana. A Bakili Muluzi analowa m'boma mu 1994 ndi mavoti 47 peresenti. A Bingu wa Mutharika mu 2004 anapeza pafupifupi 36, ndipo mng'ono wawo, a Peter, mu 2014 anapezanso 36. Dongosolo limeneli linkalimbikitsa chipani kudalira chigawo chake ndi mtundu wake, n'kungotolako pang'ono kwina. Mu Disembala 2017 aphungu anakana mabilu amene akanabweretsa lamulo loti wopambana apeze mavoti opitirira theka, ngakhale bungwe la mipingo la PAC linkawaumiriza. Tsono oweruza asanu aja anati tanthauzo la "ambiri" ndi theka la mavoti n'kuwonjezapo imodzi, zimene anthu amangoti 50+1. Kuyambira tsiku limenelo aliyense anadziwa kuti palibe chipani chingapambane chokha. DPP inagwirana manja ndi UDF ya a Atupele Muluzi, ndipo MCP ndi UTM zinayamba kukambirana.

Taonani tsono mmene masiku anatsatirana mu Malichi. Pa 17 zinamveka kuti a Mutharika akana kusaina mabilu a chisankho amene aphungu anavomereza potsatira chigamulo chija. Tsiku lomwelo anachotsa mkulu wa asilikali, a Vincent Nundwe, amene anthu ankawatama chifukwa choteteza ochita zionetsero. Pa 19 MCP ndi UTM zinasainirana mgwirizano ku Lilongwe. Pa 20 a Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha Covid-19: sukulu zitsekedwe pa 23, ndipo anthu asasonkhane opitirira 100. Pa tsiku limenelo m'dziko muno munalibe munthu ngakhale mmodzi wopezeka ndi matendawa. Atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo.

Kunena chilungamo, kutseka sukulu msanga sikunali kulakwa. Maiko ambiri anachita chimodzimodzi, ndipo zipatala zathu sizikanatha kulimbana ndi zimene zinkachitika ku Italy. Koma uthenga umalemera molingana ndi amene waunyamula. Amene ankauza anthu kuti asasonkhane anali mtsogoleri amene khoti linali litangonena kuti sanasankhidwe bwino, amene ankakana kuti chisankho chibwerezedwe, ndipo amene akanapindula misonkhano ya otsutsa ikanaletsedwa. Komiti yoyamba yolimbana ndi mliriwu inali ya nduna zokhazokha, wapampando wake a Jappie Mhango, nduna ya zaumoyo. Munalibe otsutsa boma, mipingo kapena mabungwe. Choncho ambiri anangoti iyi ndi njira yozembera chisankho. Ena anafika ponena kuti kuno kolona kulibe, boma likungopeka manambala. Bodza limenelo linafala kwambiri, ndipo andale amene linkawakomera sanalimbane nalo mmene anayenera.

Pa 14 Epulo boma linalengeza kuti m'bindikiro uyamba pakati pa usiku wa pa 18 mpaka pa 9 Meyi. Odwala odziwika anali asanafike 20. Misika ikuluikulu inayenera kutsekedwa, ndipo anthu akhale kunyumba kupatula ogwira ntchito zofunika kwambiri. Chimene sichinanenedwe ndi chimene aliyense ankafunsa: nanga tidya chiyani? M'matauni mwathu anthu ambiri salandira malipiro apamwezi. Wakabaza, woitanira minibasi, mayi wogulitsa pamsika, mnyamata wamaganyu, onsewa chimene apeza lero ndicho chimagoneka ana lero. Kumuuza munthu wotere kuti akhale m'nyumba milungu itatu popanda chomupatsa n'kumuuza kuti asankhe pakati pa matenda amene sanawaonepo ndi njala imene amaidziwa bwino. Mavenda ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'matauni ena anatuluka kukachita zionetsero. M'mwezi womwewo madokotala ndi anamwino ananyanyala ntchito chifukwa chosowa zovala zodzitetezera. Ngati ogwira ntchito m'chipatala analibe masiki okwanira, anthu ankafunsa, boma lakonzekera chiyani?

Apa ndi pamene HRDC, nthambi ya Church and Society ya sinodi ya Livingstonia ndi anthu ena anapitira kukhoti. Chiletso choyamba chinali cha masiku asanu ndi awiri, ndipo pa 28 Epulo chinawonjezeredwa mpaka nkhaniyo itaunikidwa pa malamulo aakulu a dziko. Madandaulo awo anali awiri. Loyamba, boma silinakonze chilichonse chothandizira osauka. Lachiwiri linali la malamulo. Kulanda anthu ufulu woyenda, wosonkhana ndi wopeza zosowa zawo kumatheka kudzera m'gawo 45 la malamulo aakulu, limene lili ndi malire a masiku ndipo limafuna kuti Nyumba ya Malamulo iikepo dzanja. Boma silinadutse njira imeneyo. Linagwiritsa ntchito lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 1991 ndi lamulo la zaumoyo la 1948, la nthawi ya atsamunda, nduna n'kungolemba malamulo ake. Amene analemba malamulo a 1994 anali atangotuluka m'zaka 30 za ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene munthu ankatsekeredwa popanda mlandu m'dzina la chitetezo cha dziko, ndiye anamanga mipanda imeneyi mwadala.

Ine ndimaona kuti khoti linachita bwino. Umboni wake ndi zimene boma linachita litangoletsedwa. Linalengeza thandizo la K35,000 pamwezi kwa mabanja osauka a m'matauni, ndipo linakhazikitsa komiti ina yokhala ndi akatswiri a zaumoyo, otsutsa boma, mafumu ndi mabungwe, mmodzi wa otsogolera ake ali Dr John Phuka. Zonsezi zikanatheka pa 14 Epulo. Koma ndimaonanso kuti ambiri anamva chiletso chija molakwika, ngati kuti khoti lanena kuti matenda kulibe. Khoti silinanene zimenezo.

Pa 8 Meyi khoti la apilo linavomereza chigamulo cha pa 3 Febuluwale, n'kuwonjezera kuti ovota akhale omwe aja analembetsa mu 2019. Mayi Ansah anatula pansi udindo pa 21 Meyi, ndipo kumayambiriro kwa Juni m'malo mwawo munalowa a Chifundo Kachale. Tsiku lovota linasinthasintha, kuchoka pa 19 Meyi kupita pa 2 Julayi, mpaka aphungu anakhazikitsa 23 Juni. Kutangotsala masiku ochepa, boma linayesa kutumiza kutchuthi mkulu wa oweruza, a Andrew Nyirenda, kuti akapumiretu, koma khoti linaletsa ndipo maloya anaguba m'misewu atavala mikanjo yawo.

Kampeni inachitika ngati kunja kulibe mliri. Mgwirizano wa Tonse, wa zipani zisanu ndi zinayi motsogozedwa ndi MCP ndi UTM, unkadzaza mabwalo. DPP ndi UDF nazonso zinkasonkhanitsa makamu, pamene boma lawo lomwelo linkati anthu asapitirire 100. Anthu ankapanikizana m'malole, akuimba, masiki ali apo ndi apo. Pa mfundo iyi palibe mbali imene ingaloze inzake chala. Nthawi yomweyo mabasi ankabwera ndi abale athu ochokera ku South Africa, amene m'bindikiro wa kumeneko unawachotsera ntchito. Kumapeto kwa Meyi anthu oposa 400 amene anasungidwa pabwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre podikira zotsatira za kuyezedwa anathawa, akudandaula kuti panalibe chakudya ndi zimbudzi zokwanira. Ena mwa iwo anali ndi kachilomboka. Sindingawaweruze, chifukwa munthu sumusunga pabwalo lampira ngati katundu, koma kuyambira pamenepo chiwerengero cha odwala chinayamba kukwera msanga.

Lachiwiri pa 23 Juni anthu anavota, atasamba m'manja pakhomo. Chifukwa cha mliri, magulu akunja oyang'anira chisankho sanabwere monga kale, ndipo ntchito yolondera mavoti inatsalira Amalawi eniake ndi asilikali. A Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 peresenti, a Mutharika anapeza 39. Aka kanali koyamba mu Africa kuti chisankho chobwerezedwa molamulidwa ndi khoti chichotse mtsogoleri wolamula. Oweruza asanu aja anadzalandira mphoto ya bungwe la ku Britain la Chatham House chaka chomwecho.

Boma latsopano linakumana ndi matendawa lisanakhale n'komwe pansi. Mwambo waukulu wolonga mtsogoleri, umene unakonzedwa kuti uchitike pa 6 Julayi ku Bingu National Stadium pamodzi ndi chikondwerero cha ufulu, unasamutsidwira ku Kamuzu Barracks, kwa anthu pafupifupi 100 okha. Pofika kumapeto kwa mweziwo odwala anali atadutsa 3,000. Mu Ogasiti anthu omwe aja ankakayikira malamulo a boma lakale anakhazikitsa awo: masiki mokakamiza, ndi malire a anthu osonkhana, mpaka mipingo inadandaula. Mu Sepitembala khoti linagamula kuti malamulo a m'bindikiro wa mu Epulo anali osemphana ndi malamulo aakulu a dziko, komanso kuti boma silingatsekere anthu popanda kuganizira chowathandiza.

Mliri unabweranso mwamphamvu mu Januwale 2021, chisankho chitapita, palibenso wonena kuti ndi nkhani yopeka. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo a Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi. M'zipatala mpweya wothandizira kupuma unasowa, moti anthu wamba anayamba kusonkha ndalama okha kuti agule masilinda. Kafukufuku wa K6.2 biliyoni zimene zinaperekedwa polimbana ndi mliriwu anadzaonetsa kuti zina zinathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mosatsata ndondomeko, ndipo nduna imodzi inachotsedwa ntchito. Bingu National Stadium, kumene anthu anayembekezera kukavina pa 6 Julayi, anaikamo mabedi n'kusandutsa chipatala.