Nyanja ndi yayikulu inde, koma madzi a mu Shire amatha

Anthu ambiri amati nyanja ya Malawi singaphwe ndiye bwanji mageti a baraji ya Kamuzu, yomwe imatchinga madzi a mtsinje wa Shire ku Liwonde, osangowatsegula onse madzi azipita. Iyayi abale, sizili choncho. Shire amangotenga madzi a pamwamba, ndipo madzi ambiri omwe nyanja imalandira amauma ndi dzuwa asanafike n'komwe ku Mangochi. Nyanja ikatsika pang'ono chabe mtsinje umafooka, moti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 Shire anasiyiratu kutuluka m'nyanjamo.

Ndiye baraji ija, yomwe inamangidwa mu 1965, ntchito yake ndi kusunga madzi a dzinja kuti tizidyerera mu Okutobala kukatentha. Madzi omwewo Blantyre Water Board imapopa pa Walker's Ferry kuti a ku Ndirande amwe, omwewo amazunguza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, akatsika akathirirenso nzimbe ku Nchalo. Kutsegula mageti mwachisawawa nthawi yamvula ndi kumiza anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje, kenako chilimwe mipopi iume ndi mablakauti pamwamba. A malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja akamadandaula kuti madzi awalowera ndimawamvetsa, komatu pansipa palinso anthu.