Kompyuta ya magemu ndi yokonzerapo zithunzi: yambani ndi sikirini

Munthu akaganiza zogula zida payekhapayekha n'kudzilumikizira kompyuta, funso lake loyamba limakhala la purosesa, chida chomwe chili ngati ubongo wa kompyuta: nditenge Intel kapena AMD, i5 kapena i7? Ine, monga munthu wogwira ntchito yolumikiza ndi kukonza makompyuta, ndimapempha kuti funso limenelo lidikire kaye. Ngati mukufuna makina oti masana muzikonzerapo zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe, madzulo n'kumaseweretsapo magemu, chida choyamba kusankha ndi sikirini. Zina zonse zimatsatira pamenepo.

Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi topitirira pang'ono 2 miliyoni. Ya 1440p ili ndi pafupifupi 3.7 miliyoni, pomwe ya 4K ili ndi 8.3 miliyoni. Gemu ikamayenda, timadontho tonseti timajambulidwa mwatsopano ka 60, mwinanso ka 144, pa sekondi iliyonse, ndipo ntchito imeneyi imagwiridwa ndi khadi lotchedwa graphics card. Tsono mukagula sikirini ya 4K, ndiye kuti mwadzisankhiratu khadi lodula, lodya magetsi ambiri, lofuna power supply (chida chogawira magetsi ku zida zonse za kompyuta) yaikulu ndi bokosi lotakasuka. Ndalama zimathera pamenepo musanafike n'komwe pa RAM, memore yomwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwira pa nthawiyo.

Wosewera magemu amafuna sikirini yothamanga. Wojambula amafuna sikirini yonena zoona. Masikirini ena otchipa olembedwa kuti ndi a magemu amakhala a mtundu wa TN, umene umathamanga ndithu koma mitundu yake imasintha malinga ndi pomwe mwakhala. Mukapita kushopu, pemphani akutsegulireni chithunzi cha nkhope ya munthu, kenako muweramire pansi pang'ono, muimirire, mupendeke kumbali. Pa TN mudzaona khungu likuda, kenako likutuwa, diresi loyera la mkwatibwi likusanduka lotuwirira. Pa sikirini ya mtundu wina wotchedwa IPS nkhopeyo siisintha kwenikweni. Munthu wokonzera zithunzi pa TN amawonjezera kuwala pomwe panali bwinobwino, amachepetsa kufiira kwa chitenje chomwe chinalibe vuto, ndipo zithunzi zikakatsukidwa kustudiyo eni ukwati amadabwa kuti bwanji mitundu ya zovala zawo yasintha.

Pa bokosi la sikirini yang'ananipo mawu akuti sRGB, ndipo nambala yake ikhale 99 kapena 100 peresenti. Uwu ndi muyezo wa mitundu umene makampani a HP ndi Microsoft anakhazikitsa mu 1996, ndipo ndi womwe zithunzi zambiri za pa intaneti zimatsata. Ulipo wina wotambalala kuposa pamenepo, Adobe RGB, koma umafunika kwambiri kwa osindikiza magazini ndi mabuku, ndipo masikirini ake ndi odula. Kwa munthu wa ntchito ziwirizi, ine ndimaona kuti IPS ya mainchesi 27, ya 1440p, yothamanga 144Hz (yojambula chithunzi mwatsopano ka 144 pa sekondi), ndiye pabwino. Mukafika nayo kunyumba muichepetse kuwala, chifukwa masikirini ambiri amachoka kufakitale akuwala mopitirira muyezo, ndipo n'chifukwa chake zithunzi zooneka bwino pa kompyuta zimatuluka zakuda papepala.

Mukatero mubwere pa khadi. Musangoona dzina, onaninso kukula kwa memore yake. Mwachitsanzo, RTX 3060 ya Nvidia yomwe inatuluka mu 2021 inabwera ndi 12GB, pomwe RTX 4060 ya mu 2023 ili ndi 8GB yokha ngakhale imathamanga kuposa inzakeyo. Pa 1080p, 8GB imakwana pa magemu ambiri. Pa 1440p magemu atsopano amaidzaza msanga, ndipo mumayamba kuona chithunzi chikudodomadodoma. Kale ojambula sankalabadira kwambiri za khadi, koma zinthu zasintha. Mu 2023 kampani ya Adobe inaika mu Lightroom, pulogalamu yake yokonzera zithunzi, chida chotchedwa Denoise, chochotsa timachenga tomwe timadzaza zithunzi zojambulidwa mumdima, monga za madyerero a usiku muholo yopanda magetsi okwanira. Chida chimenechi chimadalira khadi. Pa khadi labwino chithunzi chimodzi chimatha m'masekondi ochepa, pa makina opanda khadi mumadikira mphindi zingapo. Muchulukitse ndi zithunzi 300 za usiku umodzi, muone tsiku lanu momwe lithere.

Purosesa ija tsopano. Ya makoo 6 (zigawo zake zogawana ntchito), monga Ryzen 5 kapena Core i5 ya posachedwapa, imakwanira ntchito zonse ziwiri. Chofunika kusamala n'chakuti igwirizane ndi motherboard (bodi lomwe zida zonse zimalumikizidwapo) komanso RAM. Bodi la soketi (malo olowetsamo purosesa) ya AM4 ya AMD limalandira RAM ya mtundu wa DDR4, pomwe AM5 yomwe inabwera mu 2022 imalandira DDR5 yokha. Ku Intel, mabodi a LGA1700 alipo a DDR4 ndiponso a DDR5, koma bodi limodzi limalandira mtundu umodzi basi, ndipo kampata ka pa RAM kali pa malo osiyana moti simungalowetse yolakwika popanda kuthyola. Dziwaninso kuti Ryzen 5 5600 ndi mapurosesa a Intel othera ndi chilembo F satulutsa chithunzi paokha. Khadi likafa, sikirini imangoti bii mpaka mutagula lina.

Pa RAM ndi pomwe wojambula amasiyana ndi wosewera. Magemu ambiri amayenda bwino ndi 16GB, koma mukatsegula Lightroom ndi Photoshop nthawi imodzi, chithunzi chili ndi maleya ambirimbiri, 16GB imatha. Tengani 32GB, timitengo tiwiri ta 16GB, osati kamodzi ka 32GB, popeza tiwiri timagwira ntchito mogawana njira ndipo liwiro limakwera. Pa bodi la malo anayi, kawirikawiri timalowa pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera pa purosesa. Kenako mulowe mu BIOS, pulogalamu ya bodi yomwe mumaitsegula kompyuta ikamayaka, n'kuyatsa XMP kapena EXPO kuti RAM iziyenda pa liwiro lake lonse. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, RAM yodula n'kumayenda pang'onopang'ono zaka zonse.

Windows, mapulogalamu, magemu ndi zithunzi zomwe mukukonza panopa zikhale pa SSD ya NVMe, chosungiramo mafayilo chothamanga kwambiri, yosachepera 1TB. Chithunzi chimodzi cha RAW (chosakonzedwa, monga chachokera mu kamera) cha kamera ya mamegapikiselo 24 chimakhala cha 25MB kapena 30MB, ndiye ukwati wa zithunzi 2000 umadya 50GB kapena kuposa, ndipo magemu ena paokha amapitirira 100GB. Ntchito zomwe zatha zisamukire pa hard drive yaikulu, ndipo kope lina likhale pa hard drive yapadera yosalumikizidwa ku kompyutayo. Zithunzi za ukwati zikatayika palibe kubwereza mwambo.

Chida chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi power supply, chifukwa ndi pomwe anthu amakonda kupulumutsirapo ndalama. Yopanda dzina ikapsa imatha kutenga bodi, khadi ndi SSD yomwe. Makina ngati awa 650W ya kampani yodziwika imawakwanira. Chizindikiro cha 80 Plus chimangotanthauza kuti siitaya magetsi ambiri ngati kutentha. Sichikulonjeza kuti zam'kati mwake ndi zolimba, ndiye yang'ananinso zaka za waranti. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima n'kubwera ndi mphamvu, UPS, chida cha batire chomwe chimapitiriza kupereka magetsi kwa kanthawi akathima, iwerengedwe ngati chida cha kompyutayo kuyambira pa bajeti. Samalani manambala ake: UPS yolembedwa 1000VA nthawi zambiri imanyamula pafupifupi 600W, osati 1000W. Ma power supply amakono amagwirizana bwino ndi UPS yolembedwa kuti pure sine wave. Ena amazima magetsi akangothima ngati UPS ndi ya mtundu wotchipa.

Bokosi likhale lolowa mphepo kutsogolo, lokhala ndi sefa ya fumbi yochotseka, ndipo muyeze kutalika kwa khadi musanagule. Musaliike pansi pa simenti. Nyengo ya fumbi ndi kutentha kwa mu Okutobala sefa imatsekeka msanga, mafani amalira, purosesa n'kudzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Magetsi okongoletsa a mitundumitundu asiyeni, ndalamayo ipite ku RAM.

Ambiri zida timaitanitsa kunja, mwina ku Johannesburg kapena kudzera kwa abale a ku Britain, ndipo kubweza chida cholakwika kapena chakufa n'kovuta. Choncho musanatumize ndalama, tsegulani tsamba la kampani yopanga bodi lanu, muone ngati purosesa ndi RAM zomwe mwasankha zili pa mndandanda wa zomwe bodilo limalandira. Ngati khadi mukugula ndi logwiritsidwapo kale ntchito, musakhutire ndi kungoliona likuyaka. Pemphani mwini wake aliyendetse pa gemu yolemera kwa theka la ola inu mukuona, mumvetsere mafani, muyang'ane ngati pa sikirini sipakutuluka timizere kapena timabokosi tachilendo, kenako mulipire.