CRP yakwera: kodi ikukhudzana bwanji ndi BP?

Masiku ano anthu ambiri mu Blantyre akumabwera kwa dokotala atanyamula kale chipepala cha ku labotale. Pakati pa manambala olembedwapo pamakhala CRP, ndipo ikalembedwa kuti yakwera munthu amada nkhawa, makamaka ngati ali kale pa mankhwala a BP. Funso limakhala lakuti, "Adokotala, kodi ndi chimenechi chikukweza BP yanga?" Yankho lake limafuna kufatsa, chifukwa kulumikizana kulipodi, koma si m'njira imene ambiri amaganizira.

CRP ndi puloteni wopangidwa ndi chiwindi. Thupi likamalimbana ndi tizilombo kapena likavulala, asilikali a m'magazi amatulutsa mauthenga, ndipo umodzi mwa iwo, wotchedwa IL-6, umauza chiwindi kuti chipange CRP wambiri. Amene anamutulukira mu 1930 ndi William Tillett ndi Thomas Francis ku New York, m'magazi a anthu odwala chibayo. Pa chibayo kapena TB nambala ikhoza kupitirira 100 mg pa lita. Koma chomwe akatswiri a mtima amachita nacho chidwi ndi kukwera pang'ono chabe kosatha, komwe kumasonyeza kutupa kwa m'kati mwa thupi pamene munthu sakumva kutentha thupi ngakhale kupweteka. Kumeneku amayeza ndi njira yotchedwa hs-CRP: pansi pa 1 ndi chiopsezo chochepa cha matenda a mtima, 1 mpaka 3 ndi chapakati, kupitirira 3 ndi chachikulu.

Mu 2003 kafukufuku wa ku America, amene anatsata akazi oposa 20,000 omwe poyamba analibe BP, anapeza kuti omwe anali ndi CRP wokwererapo ndiwo ankadzapezeka ndi BP kwambiri patapita zaka. Mu 2007 Tomasz Guzik ndi David Harrison pamodzi ndi anzawo anaonetsa china chodabwitsa: mbewa za mu labotale zopanda asilikali a mtundu wa T ndi B, zitapatsidwa angiotensin II, yomwe imakweza BP, BP yazo sinakwere monga ya zinzake. Atazibwezera asilikali a T, BP inakwera. Apa ndi pomwe madokotala tinaona bwino kuti chitetezo cha m'thupi chili ndi dzanja pa nkhani ya kuthamanga kwa magazi.

Zimachitika chonchi. M'kati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala kamene kamatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, ndipo mpweya umenewu ndi womwe umafewetsa mtsempha kuti utambasuke magazi akamadutsa. Kutupa kwa m'kati kukakhalitsa, mpweyawu umachepa, mtsempha umauma, mtima n'kumapopa mwamphamvu. Ku impso nakonso asilikali aja akaunjikana, impso zimasunga mchere ndi madzi mmalo mozitaya. Ndiye BP yokwerayo nayonso imakanda khoma la mtsempha n'kuitana asilikali ena. Chimodzi chimadyetsa chinzake, moti kufunsa kuti chinayamba n'chiti nthawi zambiri n'kutaya nthawi.

Komabe CRP mwiniwakeyo sakuoneka kuti ndi wolakwa. Ali ngati galu wouwa usiku: akukuuzani kuti pabwalo pali chinachake, koma sakunena ngati ndi wakuba kapena mphaka, ndipo kumutontholetsa sikuthamangitsa wakubayo. Anthu omwe anabadwa ndi chibadwa chopanga CRP wochulukirapo sapezeka ndi BP yokwera kuposa anzawo chifukwa cha chimenecho. Mu 2017 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa CANTOS, wa anthu pafupifupi 10,000 omwe anadwalapo mtima, omwe anapatsidwa jakisoni wa canakinumab wochepetsa kutupa. CRP anatsika, matenda a mtima ndi sitiroko anachepako ndi pafupifupi 15 pa 100, koma BP sinatsike.

Kwathu kuno nkhani imavutirapo. Malire aja a 1 ndi 3 anakhazikitsidwa poyeza anthu a kumayiko kumene malungo kulibe. Munthu wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene anadwala malungo sabata yatha, amene ali ndi dzino lobowoka, chilonda cha pamwendo, matenda a m'chikhodzodzo kapena chifuwa chomwe chatenga masabata atatu, CRP wake akwera ndithu, ndipo nambalayo siikunena kanthu za mitsempha yake. Ikapitirira 10, ntchito yathu yoyamba ndi kusaka matenda, kuwachiza, kenako kuyezanso patapita masabata awiri kapena kuposerapo.

Pa HIV m'pofunika kuimapo pang'ono. Ngakhale munthu akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo kachilombo sikakuoneka m'magazi, kutupa kwa m'kati sikutheratu. Kafukufuku wochitikira ku chipatala cha Queen Elizabeth, yemwe anasindikizidwa mu 2016, anapeza kuti BP ndi HIV ndizo zinali patsogolo mwa zochititsa sitiroko kwa akuluakulu, HIV makamaka kwa achinyamata, ndipo chiopsezo chinali chachikulu m'miyezi 6 yoyambirira munthu atayamba ma ARV, nthawi imene chitetezo chikudzuka mwamphamvu. Izi sizikutanthauza kuti mankhwalawo ndi oipa ayi. Kuchedwa kuwayamba ndi kumawadukiza ndiko kumakulitsa vutoli. Ine ndimati aliyense wopita kukatenga ma ARV azipempha kuti amuyezenso BP tsiku lomwelo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Munthu akamva kuti kutupa kumakhudzana ndi BP, amathamangira pagolosale kapena ku famase kukagula Brufen, Indocid kapena diclofenac, poti amati ndi mankhwala ochotsa kutupa. Mankhwala amenewa amachita zosemphana ndi zomwe akufunazo. Amapangitsa impso kusunga mchere, amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mankhwala a BP monga enalapril ndi HCTZ, ndipo akamwedwa kwa nthawi yaitali amaononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Agogo ambiri odwala nyamakazi amawamwa tsiku lililonse osauza wina aliyense, ife n'kumadabwa kuti BP ikukanikiranji kutsika. Ngati muli ndi BP ndipo mawondo akupweteka, yambani ndi Panado, ndipo muwauze adokotala chilichonse chimene mukumwa, ngakhale cha zitsamba.

Zochepetsa kutupa kwa m'kati ndi zomwezo zimene timanena kale pa BP: kusiya fodya, kuchepetsa mowa, kuchotsa mafuta a pamimba (mafuta amenewa amatulutsa okha IL-6), kuyenda, kuphikira mbaula panja osati m'nyumba yotseka, ndi mchere wosapitirira magalamu 5 patsiku, kuwerengera ndi wa m'nsomba zouma, m'soseji ndi m'timabuloko tokometsera ndiwo. Mano nawonso musawaiwale. Mu 2019 kafukufuku wina ku Ulaya anaonetsa kuti kuchiza bwino chiseyeye kunatsitsa BP mwa anthu omwe anali ndi zonse ziwiri.

Nanga n'koyenera kulipira kuti akuyezeni hs-CRP? Kwa anthu ambiri, ndingati ayi. Nambala yake siisintha mankhwala omwe tingakupatseni. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Kuyeza pamkono kumatenga mphindi zochepa ndipo ku chipatala cha boma n'kwaulere. Mukapezeka ndi 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, ndalama yanuyo ndi bwino ipite pa kuyezetsa shuga, mkodzo ndi impso.