Pasiwedi ya GRUB siibisa mafayilo anu ayi

Anthu ambiri akaika pasiwedi pa GRUB, pulogalamu yomwe imayambitsa Linux kompyuta ikangoyatsidwa, amangoti basi kompyuta yatsekeka, palibe angaone zamkati. Ayi ndithu. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa munthu kudina batani la e pa menyu ya GRUB nkulemba init=/bin/bash kuti alowe ngati root, mwini mphamvu zonse pa kompyutayo. Koma wakuba akabwera ndi flash yake ya Ubuntu (mtundu wina wa Linux) nkuyatsira kompyuta yanu pa flash imeneyo, kapena angomasula hard drive nkukailumikiza pa kompyuta ina, zithunzi ndi mafayilo anu onse aziwerenga bwinobwino, GRUB yanuyo osakumana nayo nkomwe. Ine zimandipweteka kuona anthu akugona tulo poganiza kuti atetezeka. Pasiwediyo ikani inde, pangani ndi lamulo la grub-mkpasswd-pbkdf2, mutsekenso BIOS (pulogalamu ya m'kompyuta yomwe imasankha poyatsira), koma chobisadi deta ndi encryption ya LUKS, yomwe imasokoneza zonse za pa hard drive kuti zisawerengeke popanda pasiwedi yake, ndipo imaphweka mukaisankha nthawi yomwe mukuika Linux koyamba.